Louis Martin Woyera, bambo amene analera ana amasiye

Pa 12 Julaye Mpingo umakumbukira Louis Martin ndi mkazi wake Zélie, makolo a Thérèse, amene Akatolika kuno timamutcha Tereza Woyera wa Mwana Yesu.

Louis anabadwa pa 22 Ogasiti 1823 ku Bordeaux m'dziko la France, ndipo bambo ake anali msilikali. Ali mnyamata anafuna kulowa moyo wa chimonke, koma anamubweza chifukwa sankadziwa Chilatini. Anaphunzira ntchito yokonza mawotchi natsegula sitolo ku Alençon. Lamulungu sitoloyo inkakhala yotseka, ngakhale kuti tsikulo malonda akadayenda bwino.

Pa 13 Julaye 1858 anamanga ukwati ndi Zélie Guérin. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi anayi, koma anayi anamwalira ali aang'ono. Awiriwa ankalawirira ku Misa m'mamawa, ankapemphera ndi ana awo, ndipo ankathandiza osauka anawo akuona. Mu 1870 Louis anagulitsa sitolo yake kuti athandize mkazi wake pa ntchito yoluka nsalu zokongoletsera zovala.

Pa 28 Ogasiti 1877 Zélie anamwalira ndi khansa ya m'mawere, kusiya ana aakazi asanu, wamng'ono Thérèse ali ndi zaka zinayi zokha. Louis anazindikira kuti yekha sakadatha kulera anawo. Anasiya mzinda umene anauzolowera pamodzi ndi abwenzi ake, nasamukira ku Lisieux kufupi ndi mlamu wake Isidore Guérin, malume awo a anawo. Malumewo ndi mkazi wawo anagwirana manja ndi Louis, osamulanda ana kapena chuma. Madzulo banjalo linkakhala pamodzi kuwerenga, kuimba ndi kupemphera. Léonie, mwana amene anavuta kulera, sanatayidwe. Ana onse asanu anadzakhala asisitere.

Mu 1889 Louis anadwala matenda osokoneza ubongo, ndipo anakhala zaka zitatu m'chipatala ku Caen. Atatuluka, mwana wake Céline ndi banja la Guérin anamusamalira mpaka anamwalira pa 29 Julaye 1894. Papa Francis analengeza Louis ndi Zélie kukhala oyera pa 18 Okutobala 2015.

Ku Ntcheu kuno, m'maparishi monga Nzama ndi Nsipe, alipo abambo, amayi ndi agogo amene akulera ana okha mnzawo atatsogola. Mwambo wathu umapatsa malume ulemu waukulu pa mbumba, ndipo moyo wa Louis ukuonetsa ntchito yeniyeni ya ulemu umenewo: kuchirikiza kholo lotsala kuti ana asabalalike. Miphakati yathu iyambe yawerenga makomo otere ndi kuwayendera. Abambo nawonso adziwe kuti udindo wawo pa ana suthera kumanda kwa mayi wawo.

Louis ndi Zélie Oyera, mutipempherere ife.