PAUL ROBESON NDI MAKANEMA AKE OIWALIKA

Mutafunsa anyamata ndi atsikana a pasukulu pano maina a anthu otchuka a m'makanema, adzakutchulirani akatswiri a nkhonya ndi mfuti amene timawaona m'tinyumba ta kanema pa Liwonde, pa Ntaja kapena pa Balaka nthawi ya tchuthi. Koma mukawafunsa za Paul Robeson, ambiri adzangoti kukamwa yasa. Komatu munthu ameneyu m'masiku ake anali mmodzi wa anthu akuda odziwika koposa pa dziko lonse lapansi. Tsono ndafuna kukulemberani mbiri yake, anzanga ndi inu aphunzitsi athu, makamaka za makanema ake atatu amene satchulidwa kawirikawiri, ngakhale kuti ndiwo oyenera kuwaona.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO AKE

Paul Robeson anabadwa pa 9 April 1898 m'mudzi wa Princeton, m'dziko la Amereka. Atate ake, a William Drew Robeson, anabadwira mu ukapolo ku North Carolina, koma m'chaka cha 1860, ali ndi zaka 15, anathawa kwa mbuye wawo, naphunzira sukulu kufikira anakhala mbusa wa mpingo wa Presbyterian. Pambuyo pake anachotsedwa pa mpingo wawo wa ku Princeton, ndipo kwa kanthawi anadyetsa ana awo ndi ganyu ya kutaya phulusa ndi kuyendetsa ngolo. Amai ake, a Maria Louisa Bustill, anamwalira m'chaka cha 1904 zovala zawo zitagwira moto m'nyumba, Paul asanakwanitse zaka 6. Chotero mwanayo analeredwa ndi atate ake, amene sanali kulola ulesi pa maphunziro.

M'chaka cha 1915 anapambana mayeso napeza malo pa koleji ya Rutgers. Iye anali wakuda wachitatu kulowa pamenepo chiyambire sukuluyo. Pamene anapita kukayesa mpira wa Chimereka, umene osewera amagwetsana ndi kupanikizana, anzake achizungu anamgwera dala namthyola mphuno. Sanaleke ai. Anabwerera ku bwalo, ndipo mu 1917 ndi 1918 anawerengedwa pakati pa osewera opambana a m'makoleji onse a m'dzikomo. M'kalasi namonso anali patsogolo, kotero kuti pomaliza maphunziro mu 1919 ndiye anasankhidwa kulankhula mau otsazika m'malo mwa anzake onse.

Atachoka apo anakaphunzira za malamulo ku Columbia, mu mzinda wa New York, natsiriza mu 1923. Koma ntchito ya uloya sanakhalitse nayo. Tsiku lina mlembi wachizungu wa mu ofesi anakana kumlembera kalata chifukwa cha khungu lake, ndipo Robeson anazindikira kuti njira imeneyo inali yotsekeka. Mkazi wake, Eslanda Goode, amene anamkwatira mu 1921, anamlimbikitsa kuti ayese zisudzo ndi kuimba, pakuti anali ndi liu lalikulu la besi, lomveka ngati ng'oma ya mpanje usiku.

ALOWA M'MAKANEMA

Kanema wake woyamba anali Body and Soul wa 1925, wopangidwa ndi munthu wakuda mnzake, Oscar Micheaux, masiku amene makanema anali osalankhula. M'menemo Robeson anasewera anthu awiri: mbusa wonyenga ndi mbale wake wofatsa. Mu 1928 anapita ku London kukaimba m'sewero la Show Boat, ndipo anakhala ku Mangalande zaka zambiri. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi ophunzira ochokera ku Afrika, nayamba kufunitsitsa kudziwa dziko la makolo ake, kufikira mu 1934 analembetsa sukulu kuti aphunzire Chiswahili.

Tiyenera kukumbukira umo makanema a za Afrika anali kupangidwira masiku amenewo. Wogwira kamera anali Mzungu, wolemba nthano anali Mzungu, ndipo munthu wakuda anali wonyamula katundu, kapena wovina ndi mkondo, kapena wopusa woseketsa anthu. Ngakhale kuno kwathu zinali zofanana. Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la Bantu Educational Kinema Experiment linayendayenda ndi makanema ophunzitsa m'maiko angapo, ndi Nyasaland yemwe. Kuyambira 1948 kufikira 1963 bungwe la Central African Film Unit, la ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, linapanga makanema amene agogo athu anali kuonera pa galimoto zoyenda m'midzi. Nthano yake kawirikawiri inali imodzi: munthu womvera mlangizi wa boma alemera, wosamvera asauka. Robeson anafuna kuona kanema wosonyeza Mwafrika monga munthu wathunthu, wokhala ndi nzeru zake ndi ulemu wake.

KANEMA AMENE ANAMCHITITSA MANYAZI

Mwa ichi anakondwera pamene abale awiri, Alexander ndi Zoltan Korda, anampempha kuti asewere mfumu Bosambo m'kanema wa Sanders of the River, amene anatuluka mu 1935. Anamuonetsa zithunzi za magule ndi nyimbo zimene Zoltan anajambula ku Afrika, ndipo iye anayesa kuti nthawi yafika yakuti Azungu aone ubwino wa miyambo yathu. Pakati pa Aafrika amene analembedwa ganyu ya kuimirira m'kanemamo panali Jomo Kenyatta, amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri wa Kenya.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanemayo atatha kukonzedwa, anasanduka nthano yotamanda Bwana Disi wachizungu, wolamulira mafuko a ku Nigeria ngati ana, ndipo Bosambo anaoneka monga kapitao wokhulupirika wa mbuye wake. Kanemayu anapindulitsa eni ake, koma Robeson anamva chisoni ndi manyazi, namkana poyera. Apa anaphunzira kuti liu lokoma ndi nkhope yodziwika sizithandiza kanthu ngati lumo lodulira zithunzi lili m'dzanja la munthu wina. Kuyambira pamenepo anayesetsa kuti pa mapangano ake azikhala ndi mau pa za makonzedwe omaliza a kanema.

MAKANEMA ATATU OYENERA KUONA

Woyamba ndi Song of Freedom wa 1936. Robeson ndi John Zinga, wotsitsa katundu pa doko la London, amene avala m'khosi kachitsulo kosiyidwa ndi makolo ake, ndipo m'mutu mwake muli kanyimbo kamene sadziwa kumene anakamva. Liu lake limkweza kufikira akhala woimba wotchuka. Pamenepo munthu wina wophunzira amuuza kuti kachitsuloko ndi chizindikiro cha ufumu wa pa chilumba cha Casanga, ku Afrika ya kumadzulo. Zinga asiya ulemerero wa ku Ulaya napita kwao, kumene anthu ayamba amkana kufikira nyimbo ija imchitira umboni. Kunena zoona, anthu a pachilumbapo awonetsedwabe ngati osadziwa kanthu, ndipo apo ndi pofooka pa kanemayu. Koma mbali ya ku London ndi yokoma ndithu: munthu wakuda ali ndi nyumba yake, mkazi wake womkonda, ndi anzake achizungu a pantchito amene amuyesa mnzawo. Zotere zinali zosowa m'makanema a masiku amenewo.

Wachiwiri ndi Jericho wa 1937, amene mbali yake anakajambula ku Egypt. Jericho Jackson ndi msilikali wakuda wa Amereka pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba, amene anaphunzirako za udokotala. Sitima yawo ya pamadzi iphulitsidwa, ndipo iye, pofuna kupulumutsa anzake otsekeredwa pansi, akana lamulo la sajeni, sajeniyo nagwa, nafa. Amweruza kuti aphedwe, koma athawira ku chipululu cha Sahara. Kumeneko achiritsa odwala pakati pa anthu a mtundu wa Tuareg, akwatira, nakhala mtsogoleri wa ulendo waukulu wa ngamila wokatenga mchere. Kaputeni wachizungu amene anaponyedwa m'ndende chifukwa cha kuthawa kwake amlondola kuti abwezere, koma ataona ntchito zake amleka ndi mtendere. Taonani kusiyana kwake ndi Bosambo: pano wakuda ndiye wanzeru ndi wotsogolera, ndipo sagwadira munthu.

Wachitatu, amene Robeson mwini wake anamkonda koposa, ndi The Proud Valley wa 1940, wotsogoleredwa ndi mnyamata Pen Tennyson. Chiyambi chake chili pa ubwenzi wa Robeson ndi anthu okumba malasha a ku Wales, amene anali pa ulova ndi njala, ndipo iye anali kuwaimbira ndi kuwathandiza ndi ndalama. M'kanemamo iye ndi David Goliath, wa pa sitima wosowa ntchito, amene afika m'mudzi wa mgodi. Wotsogolera kwaya ya m'mudzimo, Dick Parry, amva liu lake namtengera kunyumba kwake, nampezera ntchito. Ena ang'ung'udza za khungu lake, koma Parry awakumbutsa kuti pansi pa mgodi fumbi la malasha lidetsa onse chimodzimodzi. Ngozi igwa, Parry afa, mgodi utsekedwa, ndipo mudzi wonse ugwa m'umphawi. Amuna ayenda pansi kufikira ku London kukapempha eni mgodi kuti autsegule. Potsiriza, pamene David ndi anzake atsekeredwa pansi ndi miyala, iye apereka moyo wake kuti enawo atuluke.

Kanema ameneyu ife a kuno tingamumve bwino kuposa ena, pakuti kwa Mposa ndi m'midzi yonse yozungulira nyanja ya Chilwa muli mabanja amene agogo awo anapita ku Joni ndi Wenela, kapena ku malasha a ku Wankie. Ena anabwera ndi njinga ndi bokosi la zovala, ena anabwera ndi chifuwa, ena sanabwere konse. Akazi a ku Wales oimirira pa chipata cha mgodi kudikira mbiri ya amuna awo sasiyana ndi agogo athu aakazi amene anali kudikira kalata. Tsoka lake, kanemayu anatuluka nkhondo ili m'kati, ndipo manyuzipepala a Lord Beaverbrook anakana kumtchula chifukwa cha maganizo a Robeson pa ndale. Motero anthu ambiri sanamuone.

MASIKU AKE OMALIZA

Atabwerera ku Amereka anasewera mu Tales of Manhattan wa 1942, koma ataona kuti anthu akuda awonetsedwanso ngati ana, analengeza kuti waleka makanema a ku Hollywood. Anapitiriza kuimba ndi kuchita zisudzo. Sewero la Othello la Shakespeare analichita maulendo 296 ku New York mu 1943 ndi 1944. Anatsogoleranso bungwe la Council on African Affairs, limene linayamba mu 1937, lolankhulira ufulu wa maiko a Afrika ndi kutsutsa tsankho la ku South Africa.

Koma anali bwenzi la dziko la Soviet Union, ndipo nkhondo itatha ubwenzi umenewu unamdzetsera adani. Mu 1949 anthu anaponya miyala khamu lobwera kudzamva nyimbo zake ku Peekskill. Mu 1950 boma linamlanda pasipoti, nyumba zoimbiramo zinamtsekera zitseko, ndipo chuma chake chinatha ngati madzi a m'dambo mwezi wa October. Pano tiyenera kunenanso cholakwa chake: iye amene anadzudzula nkhanza za Azungu mosaopa, sanadzudzule poyera nkhanza za Stalin, amene anapha ndi kumanga anthu osawerengeka. Munthu wamkulu naye ali ndi diso limodzi lotsinzina.

Anzake a ku Wales sanamuiwale. Mu 1957, posakhoza kuyenda, anawaimbira pa lamya yodutsa pansi pa nyanja, iwo atasonkhana ku Porthcawl. Pasipoti yake inabwezedwa mu 1958, nayendanso maiko, koma kuyambira 1961 thanzi lake linafooka. Mkazi wake anamwalira mu 1965, ndipo iye anakhala mwakachetechete kwa mlongo wake ku Philadelphia kufikira anamwalira pa 23 January 1976, ali ndi zaka 77.

CHIMENE TIPHUNZIRAPO

Makanema atatu aja sanatayike. Anakonzedwanso, ndipo mu 2007 Jericho ndi The Proud Valley anatulutsidwa pamodzi ndi ena m'bokosi la kampani ya Criterion. Ndi a zithunzi zakuda ndi zoyera, opanda galimoto zophulika, ndipo wofuna nkhonya adzagona tulo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipempha akulu a komiti ya zosangalatsa kuti Loweruka lina madzulo atipezereko mmodzi wa iwo, makamaka The Proud Valley.

Chimene Robeson anachilakalaka ife tachiona ndi maso. Shemu Joyah anapanga The Last Fishing Boat mu 2012, nthano ya asodzi a m'mbali mwa nyanja yathu, ndipo mu 2019 dziko lonse linamva Chichewa m'kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind. Komabe funso limene linamsautsa iye likadalipo: kodi nthano yathu akuisimba ndani, ndipo wagwira lumo ndani? Ena mwa ife amene tili m'makalasi muno tidzagwira kamera tsiku lina. Tikadzajambula msodzi wa matemba pa Chilwa kapena mai wobzala mpunga m'dambo, tidzawajambule monga anthu, osati monga zinthu zoseketsa alendo kapena zomvetsa chisoni.

Wophunzira wa Fomu 4, wochokera kwa Mposa