Ludwig Boltzmann, Munthu Amene Anafunsa Cifukwa Cace Dzulo Silibwerera

Mwana ali yense adziwa kuti mbiya ikagwa ndi kusweka, mapale ace sadzasonkhana okha kuti akhalenso mbiya. Phala lotentha likaikidwa pakhonde limazizira, koma phala lozizira silinayambe latentha lokha. Mcere ukasungunuka mu ndiwo, palibe mai amene angautolenso ndi kuubwezera m'cikho. Izi nzozolowereka, kotero kuti anthu ambiri saona kuti muli funso m'menemo. Koma funso lirimo, ndipo ndi lobvuta ndithu.

Malamulo a kayendedwe ka zinthu, amene Isaac Newton anafalitsa m'caka ca 1687, sasiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu akajambula kanema wa mipira iwiri irikugundana, nkuonetsa kanemayo cobwerera m'mbuyo, oonerera sangazindikire kanthu, pakuti kugundana kobwererako nkothekanso. Koma akaonetsa cobwerera kanema wa mbiya irikusweka, onse adzaseka poona mapale akudumpha pansi ndi kulumikizana. Tsono ngati mbiya ipangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono, ndipo kali konse kamvera malamulo osasiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo, nanga mbiya yathunthu idziwa bwanji kumene nthawi irikulowera? Munthu amene anatha moyo wace wonse pa funso limeneli ndiye Ludwig Boltzmann wa ku Austria.

Anabadwira mu mzinda wa Vienna pa 20 February 1844, usiku umene anthu a kumeneko amatsiriza madyerero ndi magule, kuti kukaca alowe Lacitatu la Phulusa. Atakula ankanena moseka kuti ndico cifukwa cace mtima wace unali kusinthasintha, lero kukondwa kwakukulu, mawa cisoni cacikulu. Atate wace anali a nchito ya msonkho m'boma, ndipo banja linasamukira ku Linz kumene mnyamatayo anaphunzira sukulu. Kumeneko anaphunziranso kuyimba piyano kwa Anton Bruckner, amene pambuyo pace anamveka monga wopeka nyimbo wamkulu. Ali ndi zaka 15 atate wace anamwalira, ndipo mai wace anadzipereka kuti mwanayo asaleke maphunziro.

M'caka ca 1863 analowa m'yunivesite ya Vienna, napezako mphunzitsi wabwino, dzina lace Josef Stefan. Mphunzitsi ameneyu anam'patsa zolemba za James Clerk Maxwell wa ku Scotland. Ndipo popeza wophunzirayo sanali kudziwa Cingelezi, anam'patsanso buku la galamala ya Cingelezi kuti adziphunzitse yekha. Boltzmann anatsiriza maphunziro ace mu 1866, ndipo mu 1869, ali ndi zaka 25 zokha, anaikidwa kukhala pulofesa ku yunivesite ya Graz.

Masiku amenewo injini za nthunzi zinali kuyendetsa masitima ndi mafakitale a ku Ulaya, ndipo akatswiri anali kufufuza za kutentha. Rudolf Clausius wa ku Germany anaona kuti kutentha kumayenda kokha kucokera ku cinthu cotentha kupita ku cozizira, koma sikubwerera kokha iai. Mu 1865 anapeka muyeso wina umene anaupatsa dzina la entropy, nasonyeza kuti m'malo otsekedwa, m'mene simulowa kapena kutuluka kanthu, muyesowu umakwera kapena kuima pamodzimodzi, koma sutsika. Lamuloli linali loona, ndipo amisiri analigwiritsa nchito. Koma Clausius sanathe kufotokoza bwino kuti entropy nciani kweni-kweni, kapena cifukwa cace iyenera kukwera.

Boltzmann anakhulupirira kuti mpweya, madzi ndi miyala zipangidwa ndi maatomu, tinthu tosaoneka ndi maso timene tiyenda kosalekeza. Tizidutswa ta mpweya wa m'cipinda timathamanga pafupifupi mamita 500 pa sekondi, tirikugundana tokha-tokha ndi kugunda zipupa, ndipo cimene munthu amva ngati kutentha ndilo liwiro lao. Mu 1872 anafalitsa masamu osonyeza kuti tizidutswa totere, ngakhale tiyambe motani, kugundana kwao kudzatisanganiza kufikira mpweya wonse ufanana paliponse. Anayesa kuti funso latha.

Amene anam'tsutsa poyamba anali bwenzi lace lenileni, Josef Loschmidt, mkulu amene mu 1865 anayamba kuwerengera kukula kwa kacidutswa ka mpweya. Mu 1876 Loschmidt anati: tiyese kuti tizidutswa tonse taimitsidwa ndi kutembenuzidwa, kali konse kabwerere njira imene kanadzera. Malamulo a Newton alola zimenezo. Pamenepo zosanganizika zidzapatukana, ndipo entropy idzatsika. Tsono lamulo loti entropy sitsika silingacokere m'malamulo a Newton okha. Mau amenewa anali oona, ndipo Boltzmann sanawakane. Anakhala pansi naganizanso, ndipo yankho limene anapereka mu 1877 ndilo nchito yace yoposa zonse.

Yankholo lingathe kuyesedwa m'kalasi iri yonse, ngakhale ya pansi pa mtengo. Mphunzitsi atenge mphasa, alembe mzere wa khala pakati pace, napatse ana nyemba 10, iri yonse ndi cizindikiro cace. Nyembazo zikaponyedwa pamphasa mosasankha, iri yonse ingagwe kumanja kapena kumanzere. Njira zonse zimene zingagwere ziri 1,024. Mwa zimenezi, njira yoti zonse zigwe kumanzere iri imodzi yokha. Koma njira zoti zisanu zigwe uku ndi zisanu uko ziri 252. Palibe lamulo loletsa nyemba zonse kugwa mbali imodzi, ndipo ana akalimbika masana onse angaone zitacitika. Koma akaonjeza nyemba kufika 20, njira zikhala 1,048,576, ndipo ya kumanzere kokha ikhalabe imodzi. Zikafika 100, ciwerengero ca njira cikhala ndi manambala 31 pocilemba. Ngakhale anthu onse a pa dziko lapansi akadaponya kamodzi pa sekondi iri yonse kuyambira pamene thambo ndi nyenyezi zinayamba, mwai woona nyemba zonse mbali imodzi ukadakhalabe wocepa.

Tsono mpweya wodzaza kabokosi ka sentimita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu uli ndi tizidutswa pafupifupi 25 wotsatidwa ndi maziro 18. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mpweya wa m'kalasi suthawira ku ngodya imodzi ndi kusiya ana akubanika, si cifukwa cakuti waletsedwa, koma cifukwa njira zokhalira wobalalika ziculuka koposa muyeso uli wonse kupambana njira zokhalira wounjikana. Cimodzimodzi ndi mbiya: njira yoti dothi lace likhale mbiya yathunthu iri ngati imodzi, koma njira zokhalira mapale ndi pfumbi nzosawerengeka. Entropy, monga Boltzmann anaionera, ndiwo muyeso wa kuculuka kwa njira zimene tizidutswa tingakhalire popanda kusintha maonekedwe a cinthuco. Zinthu zimacoka pa mkhalidwe wa njira zocepa kupita pa mkhalidwe wa njira zambiri, ndipo ulendo umenewo ndiwo anthu amauzindikira monga kucokera dzulo kupita mawa. Kubwerera kumene Loschmidt ananena nkotheka, koma palibe adzakuona.

Caka ca 1876 cinalinso caka ca ukwati wace. Mkazi wace, Henriette von Aigentler, anaphunzira za uphunzitsi, ndipo anafuna kumvera nao maphunziro a masamu ndi fizikisi pa yunivesite ya Graz pa nthawi imene akazi sanali kuloledwa. Atakanizidwa, Boltzmann anam'limbikitsa kuti akadandaule kwa akulu, ndipo analoledwa. Anabala ana asanu. Zaka 14 zimene anakhala ku Graz ataikidwanso kumeneko ndizo zinali zokoma koposa m'moyo wace. Anali ndi nyumba kunja kwa mzinda, ndipo anthu amasimba kuti anagula ng'ombe ya mkaka cifukwa ca ana, naikoka yekha m'miseu, nakafunsa pulofesa mnzace wa za nyama kakamidwe kace. Ophunzira anadza kwa iye kucokera kutali, monga Svante Arrhenius wa ku Sweden ndi Walther Nernst wa ku Germany, amene onse awiri pambuyo pace analandira mphotho ya Nobel.

Mu 1886 anakamba za zamoyo. Anati cimene zamoyo zimalimbirana si mphamvu cabe, pakuti mphamvu iri ponseponse monga kutentha, koma mwai umene ulipo cifukwa dzuwa nlotentha kwambiri ndipo dziko nlozizira. Mbeu zitambasula masamba ace kuti zigwire kuwalako kusanasanduke kufunda wamba. Motero cimanga cikamera ndi kupanga ngala yokongola ya mizere yolongosoka, sicithyola lamulo la entropy. Kulongosoka kwa ngalayo kwalipiridwa ndi kubalalika kwakukulu kwa kuwala kwa dzuwa.

Mabvuto anayamba kum'tsata. Mai wace anamwalira mu 1885, ndipo mu 1889 mwana wace woyamba wamwamuna anamwalira ndi nthenda ya m'mimba imene sinazindikirike msanga. Mu 1888 anabvomera mpando waulemu ku Berlin, koma pambuyo pace anaukana, atasintha maganizo kangapo. Kuyambira pamenepo sanakhazikike: Munich mu 1890, Vienna mu 1894, Leipzig mu 1900, ndi Vienna kaciwiri mu 1902.

Otsutsa naonso anaculuka. Ernst Mach wa ku Vienna anali kunena kuti sayansi iyenera kukamba zokhazo zimene zingaoneke ndi kuyesedwa, ndipo atomu palibe anaionapo. Wilhelm Ostwald wa ku Leipzig, ngakhale anali bwenzi lace, anafuna kufotokoza zonse ndi mphamvu yokha popanda maatomu. Pa msonkhano wa ku Lübeck mu 1895 awiriwa anatsutsana kolimba pamaso pa anthu, ndipo acinyamata ambiri a masamu anaima ndi Boltzmann. Mu 1896 Ernst Zermelo anabweretsa cotsutsa cina, cakuti tizidutswa totsekeredwa tiyenera tsiku lina kubwerera pafupi ndi pamene tinayambira. Boltzmann anabvomera, koma anawerengera nthawi yoyembekezera, naonetsa kuti ngakhale kwa mpweya wocepa zaka zace sizingalembedwe pa bolodi liri lonse.

Cinatsala cinthu cimodzi cimene iye mwini anaciona bwino. Ngati kusanganizika ndiko kuli ndi njira zambiri, bwanji zonse sizinasanganizike kale? Kuwerenga njira kufotokoza cifukwa cace mawa lidzakhala lobalalika kuposa lero, pokhapokha ngati ciyambi cinali colongosoka modabwitsa. Boltzmann anaganizapo njira ziwiri: kapena zinthu zonse zinayamba mu mkhalidwe wa entropy yocepa, kapena dera lino la thambo linangopatuka mwa mwai. Akatswiri a masiku ano atsata ganizo loyambalo. Apeza kuti thambo lonse linayamba kufutukuka zaka pafupifupi mamiliyoni 13,800 zapitazo liri ndi entropy yocepa kwambiri, ndipo phala limene lizizira pakhonde lero lirikupitiriza ulendo umene unayamba pamenepo. Cifukwa cace ciyambico cinali cotero, akali kufufuza. Mau akuti mubvi wa nthawi, amene amveka kwambiri pa nkhaniyi, anawapeka Arthur Eddington wa ku England mu 1927, Boltzmann atamwalira kale.

Monga mphunzitsi anali wokondedwa. Lise Meitner, amene pambuyo pace anathandiza kufotokoza kugawika kwa atomu ya uranium, anaphunzira kwa iye ku Vienna, ndipo anakumbukira kuti anali ndi bolodi lalikulu pakati lolembapo mfundo zazikulu, ndi ena awiri m'mbali olembapo masitepe, zonse zolembedwa mwa dongosolo. Mu 1903, atayamba kuphunzitsa za nzeru zakuya m'malo mwa Mach amene anapuma cifukwa ca kudwala, anthu anadzaza cipinda cacikulu mpaka ena kuimirira, ndipo Mfumu Franz Joseph inamuitana ku nyumba yacifumu.

Kawirikawiri nkhani yace imasimbidwa ngati kuti dziko lonse linam'kana, koma si momwemo. Yunivesite ya Oxford inam'patsa ulemu mu 1894, ndipo mu 1905 anaitanidwa kukaphunzitsa ku Berkeley, ku California. Cimene cinam'gonjetsa makamaka ndiyo nthenda. Maso ace anafooka kufikira anafuna munthu womuwerengera. Anali ndi cifuwa ca mphumu ndi mutu wosaleka. Ndipo nthenda ya cisoni cacikulu, imene masiku amenewo inalibe mankhwala eni-eni, inali kum'bwerera kawirikawiri. Mtsutso wa maatomu unangoonjeza katundu pa munthu wolema kale. Pa 5 September 1906, ali pa chuthi ndi mkazi wace ndi mwana wao wamkazi ku Duino, pafupi ndi Trieste, anadzipha. Anali ndi zaka 62.

Caka cimodzi asanamwalire, mu 1905, kalaliki wina wacinyamata wa mu ofesi ya boma ku Bern, Albert Einstein, anagwiritsa nchito maganizo a Boltzmann pofotokoza cinthu cimene Robert Brown anaona mu 1827: timbeu tating'ono toyandama m'madzi timanjenjemera kosaleka tikayang'anidwa ndi galasi lokuza zinthu. Einstein anati tirikukankhidwa ndi tizidutswa ta madzi, nawerengera kutalika kumene tiyenera kusuntha. Mu 1908 Jean Perrin wa ku Paris anayesa, napeza kuti ziwerengero zigwirizana. Ostwald anabvomera poyera kuti maatomu alipo. Mach anamwalira mu 1916 asanabvomere.

Manda a Boltzmann ali m'manda akulu a ku Vienna. Pamwamba pa cifanizo ca mutu wace palembedwa mzere umodzi wa masamu, S = k log W. S ndiyo entropy, W ndiko kuculuka kwa njira, monga zija za nyemba pamphasa, ndipo k ndi nambala yaing'ono imene lero idziwika ndi dzina lace. Ganizo linali la Boltzmann, koma amene anayamba kulilemba m'maonekedwe amenewa anali Max Planck, m'caka ca 1900.