Duchenne: dokotala amene anayeza minofu ndi magetsi osabaya singano

Mwina munamvapo za matenda otchedwa Duchenne, amene amafooketsa minofu ya ana aamuna. Dzinali ndi la dokotala wa ku France, Guillaume Duchenne, yemwe anabadwira mumzinda wa kugombe la nyanja wa Boulogne-sur-Mer m'chaka cha 1806. Bambo ake anali woyendetsa sitima yapamadzi, koma iye anasankha zachipatala ndipo anamaliza maphunziro ake ku Paris mu 1831.

Atabwerera kwawo anakwatira, koma mkazi wake anamwalira atangobereka mwana wamwamuna. Achibale a mkaziyo anatenga mwanayo, ndipo Duchenne anakhala zaka zambiri osamulera. Mu 1842 anasamukira ku Paris. Kumeneko sanapatsidwe udindo pachipatala chilichonse kapena payunivesite. Ankangoyendayenda m'mawodi atanyamula bokosi lake la magetsi, kupempha kuti aone odwala opuwala, ndipo madokotala ena ankamuseka.

Kuti mumvetse zomwe anachita, dziwani kuti ubongo umalamula minofu kudzera m'mitsempha, ndipo uthengawo umayenda ngati kamphamvu kochepa ka magetsi. Madokotala a nthawi imeneyo ankabaya singano m'thupi n'kudutsitsamo magetsi. Njirayi inali yopweteka ndipo inkasiya zilonda. Duchenne anapeza kuti ukanyowetsa tizitsulo tokutidwa ndi siponji n'kutigunditsa pakhungu, magetsi amafika pamnofu womwe ukufuna popanda kuboola. Mnofuwo umadzikoka, dokotala n'kuona ngati uli ndi mphamvu kapena ayi. Motero ankayeza mnofu umodziumodzi, ndipo analemba zonsezi m'buku lomwe linatuluka mu 1855.

Njira imeneyi inamuthandiza pa ana opuwala ndi matenda amene lero timawatcha poliyo. Anaona kuti mnofu womwe ukudzikokabe ukagunditsidwa magetsi ukhoza kupezanso mphamvu, pomwe womwe wangoti zii nthawi zambiri umafota. Anafotokozanso za makanda amene mkono wawo umalobodoka chifukwa mitsempha ya m'khosi inakokeka pobadwa.

Mu 1861 analemba za mnyamata amene akatumba a miyendo yake anali aakulu ngati a munthu wamphamvu, chonsecho ankalephera kuyenda bwino. Pofika mu 1868 anali atafotokoza za ana 13 otere. Anapanga kachida kotapira kanyama kochepa kwambiri m'thupi la munthu wamoyo, ndipo atakaunika anapeza kuti malo a minofu alowedwa ndi mafuta komanso ulusi wolimba. Apa m'pamene zinadziwika kuti kunenepa kwa akatumbawo n'kwachinyengo.

Iye anajambulanso zithunzi za nkhope za anthu akugunditsidwa magetsi, n'kusonyeza kuti kumwetulira kochokera pansi pa mtima kumakokanso minofu yozungulira maso. Charles Darwin anagwiritsa ntchito zina mwa zithunzizo m'buku lake la mu 1872, ndipo katswiri wotchuka wa matenda a mitsempha, Jean-Martin Charcot, ankamulemekeza ngati mphunzitsi wake. Duchenne anamwalira ku Paris mu 1875.

Lero m'zipatala zina zikuluzikulu muli makina oyeza liwiro la uthenga m'mitsempha. Amamata tizitsulo pakhungu monga ankachitira iye, ndipo wodwala amangomva kakunjenjemera kosakhalitsa. Kuyeza kwina kumafunabe kasingano kowonda.

Koma chida choyamba ndi maso anu. Matenda a Duchenne amagwira pafupifupi mnyamata mmodzi mwa anyamata 3,500 mpaka 5,000 obadwa, ndipo zizindikiro zimaonekera mwana asanakwane zaka zisanu. Amagwaigwa, amayendera zala za kumapazi, amavutika kukwera masitepe, ndipo podzuka pansi amayedzamira manja pamaondo ndi pantchafu. Sapatsirana, ndiponso si ufiti. Amachokera m'chibadwa, kawirikawiri kudzera mwa mayi amene iye mwini sadwala, ndipo palibe amene analakwa. Kuchipatala amayamba ndi kuyeza magazi. Mankhwala ochiziratu palibe, koma mafizo ndi mankhwala ena amachedwetsa kufooka, amateteza mtima ndi mapapo, ndipo mwana amayenda zaka zambirirapo.

Kufooka kotereku kumabwera pang'onopang'ono. Kukabwera mwadzidzidzi, mwendo kapena mkono n'kungolobodoka pa mwana wosakwana zaka 15, imeneyo ndi nkhani ya changu, chifukwa akhoza kukhala poliyo, yemwe anapezekanso ku Lilongwe mu 2022. Uzani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo, kuti chimbudzi cha mwanayo chitengedwe kukayezedwa pasanathe masiku 14. Inu odzipereka m'midzi, musadikire kuti mudziwe dzina la matendawo. Lembani tsiku lomwe kufooka kunayamba ndi chiwalo chomwe chagwidwa, ndipo mutumizeni mwanayo kuchipatala.