Henrietta Branch

Henrietta Branch, yemwe dzina la kwawo linali Paterson, anabadwa pa 12 Malichi 1858 ndipo anamwalira pa 4 Epulo 1913. Anali mmishonale wakuda wochokera ku America, wa mpingo wa Seventh-day Adventist, komanso mkazi wa m'busa Thomas H. Branch. Iye ndi banja lake anakhala pa mishoni ya Plainfield m'boma la Thyolo kuyambira 1902 mpaka 1907. Mishoni imeneyi ndi imene lero ikutchedwa Malamulo, pafupi ndi Makwasa. Banja la a Branch linali m'gulu la anthu akuda oyambirira amene mpingowu unawatumiza ku Africa, ndipo kwa nthawi yaitali pa zaka zisanu zimenezo ntchito yonse ya pamishoni inali m'manja mwa banja limodzili: bambo ankalalikira ndi kuyang'anira minda, mwana wamkazi ankaphunzitsa sukulu, ndipo mayi ankasamalira nyumba ndi odwala.

Ubwana ndi banja

Henrietta anabadwira ku Roanoke, m'chigawo cha Missouri ku United States, m'banja la ana ambiri. Pa nthawiyo malamulo a ku Missouri ankalolabe kusunga anthu akuda ngati akapolo, ndipo ukapolo unatha kumeneko mu 1865, iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. M'madera ambiri a akapolo munali malamulo oletsa kuphunzitsa munthu wakuda kuwerenga ndi kulemba. N'chifukwa chake anthu akuda a m'badwo wake ankaona sukulu ndi Baibulo ngati zinthu zoyendera limodzi: ambiri ankafuna kudziwa zilembo kuti adziwerengere okha Mawu a Mulungu.

Pa 7 Disembala 1876 anakwatiwa ndi Thomas H. Branch mumzinda wa Kansas City. Thomas anabadwa pa 24 Disembala 1856, nayenso ku Missouri. Awiriwa anabereka ana anayi: Mabel mu 1878, Thomas mu 1887, Paul mu 1891 ndi Robert mu 1896. Pambuyo pake anakhazikika ku Colorado, kumene anakhala m'mizinda ya Denver ndi Pueblo.

Kulowa mpingo wa Adventist

Banjali linalowa mpingo wa Seventh-day Adventist mu 1892. Mpingowu umapembedza Loweruka, ndipo Sabata lake limayamba dzuwa likalowa Lachisanu n'kutha dzuwa likalowa Loweruka. Kuyambira pachiyambi, mpingowu unkafalitsa chiphunzitso chake kudzera m'mabuku, m'timapepala ndi m'nyuzipepala monga Review and Herald. Banja lililonse linkalimbikitsidwa kuwerenga Baibulo ndi kupemphera pamodzi m'mawa ndi madzulo, komanso kukonzekera phunziro la Sukulu ya Sabata mkati mwa mlungu. Mpingowu unkaphunzitsanso za ukhondo ndi zakudya, kuletsa mowa ndi fodya, ndipo unali ndi chipatala chachikulu ku Battle Creek ku Michigan.

Thomas anadziwika ku Pueblo ngati munthu wodziwa kulankhula pagulu ndi wokonda kusanthula Malemba, ngakhale kuti sanali m'busa wodzozedwa. Henrietta anaphunzira za unamwino, pomwe Mabel anakhala mphunzitsi. Thomas anadzozedwa ubusa mu Meyi 1902, patatsala masiku ochepa kuti anyamuke ulendo wa ku Africa. Motero Henrietta anakhala mayi busa ali ndi zaka 44, atatha zaka 25 m'banja. Amishonale ambiri a nthawiyo ankanyamuka ali achinyamata ongokwatirana kumene, koma iye ananyamuka ali mayi wa ana anayi.

Ulendo wa ku Thyolo

M'dventist woyamba kufika m'dziko muno anali George James wa ku London, amene anabwera mu 1893 pa ndalama zake ndipo anamwalira ndi malungo chaka chotsatira asanakhazikitse mishoni. Mwayi wachiwiri unabwera kudzera mwa Joseph Booth, Mngelezi amene anayambitsa mishoni zingapo kum'mwera kwa dziko lino, kuphatikizapo Zambezi Industrial Mission. Booth anali atagula malo a maekala pafupifupi 2,000 ku Thyolo m'dzina la mpingo wa Seventh Day Baptist, n'kuwatcha Plainfield potengera tauni ya ku New Jersey kumene kunkachokera thandizo. Cholinga chinali chakuti mishoni izidzidalira polima khofi, koma khofiyo sanachite bwino. Mu 1902 malowa anagulitsidwa kwa a Seventh-day Adventist, ndipo mpingo wa ku Colorado unapereka banja la a Branch kuti lipite kumeneko.

Iwo ananyamuka ku New York pa 4 Juni 1902 pa sitima ya pamadzi, n'kudzera ku London, kumene anapitiriza ulendo pamodzi ndi Booth. Njira yolowera m'dziko muno masiku amenewo inali ya ku Chinde, doko la pamathiriro a mtsinje wa Zambezi ku Mozambique, kumene a Britain anali ndi kachigawo kawo. Pa Chinde kazembe wa Britain anawaimitsa kwa masiku asanu ndi anayi. Chifukwa chake chinali khungu lawo ndi maphunziro awo: akuluakulu a boma ankaopa kuti anthu akuda ophunzira ochokera ku America adzaphunzitsa Afirika kusamvera ulamuliro wa azungu. Ataloledwa, anakwera sitima ina ya mumtsinje wa Zambezi ndi Shire, kenaka anakwera mapiri kupita ku Thyolo. Anafika pa Plainfield pa 29 Ogasiti 1902.

Thyolo wa nthawi imeneyo

Dzikoli linkatchedwa British Central Africa Protectorate, ndipo dzina la Nyasaland linayamba mu 1907. Azungu ankalemba dzina la bomali kuti Cholo. Minda ya tiyi imene lero yakuta mapiri a Thyolo, m'madera a mafumu monga Kapichi, Nchilamwela ndi Khwethemule, inali isanayambe: tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo ku Thyolo anafika cha m'ma 1908, banja la a Branch litachoka kale. Komabe malo ambiri achonde anali kale m'manja mwa azungu a maesiteti. Anthu okhala pa malo otero, Amang'anja komanso Alomwe amene ankabwera ambiri kuchokera ku Mozambique, ankagwira thangata m'malo mwa lendi, ndiponso ankafunika kupeza ndalama ya msonkho wa nyumba. Njanji ya pakati pa Port Herald, amene lero ndi Nsanje, ndi Blantyre inatha kumangidwa mu 1908, choncho katundu ankayenda pamutu pa amtengatenga ndipo makalata ochokera ku America ankatenga milungu yambiri.

Ntchito yake pamishoni

Booth sanakhalitse. Iye ndi Thomas Branch sankagwirizana pa kayendetsedwe ka ntchito, ndipo patangopita miyezi isanu ndi umodzi anachoka. Mu 1903 mpingo unatumiza Joseph H. Watson pamodzi ndi mkazi wake ndi mwana wawo kuti adzathandize, koma Watson anamwalira ndi malungo mu Disembala chaka chomwecho ndipo anaikidwa pamishoni pomwepo. Mkazi wake ndi mwanayo anachoka. Banja la a Branch linatsala lokha.

Pamishoni panalibe dokotala kapena chipatala, ndipo Blantyre anali pamtunda wa makilomita oposa 60. Maphunziro a unamwino a Henrietta ndiwo anali thandizo lapafupi kwa ana asukulu, antchito ndi anthu a m'midzi yozungulira, komanso kwa banja lake lomwe. Matenda ofala m'derali anali malungo, zilonda zosapola msanga, kutsekula m'mimba ndi matenda a maso. Mankhwala odalirika a malungo anali kwinini yekha, ndipo anamwino a Adventist a nthawiyo ankaphunzitsidwa kwambiri kuthandiza wodwala pogwiritsa ntchito madzi otentha ndi ozizira, ukhondo, kupuma ndi chakudya choyenera.

Udindo wa mayi busa unali waukulu chifukwa cha mmene mudzi unkayendera. Amayi ndi atsikana sakanamasuka kukamba za mimba, za ana kapena za mavuto a m'nyumba ndi mwamuna wachilendo, ngakhale akhale m'busa. Pa mishoni zonse za nthawiyo, za Blantyre, Livingstonia kapena Nkhoma, khomo lofikira amayi linali mkazi wa mmishonale. Anyamata ndiwo ankathamangira sukulu chifukwa kudziwa kulemba kunkawapezetsa ntchito ya ukalaliki kapena ukapitawo, pomwe atsikana ankatsalira kumudzi kusinja, kutunga madzi ndi kulera ana. Pa Plainfield atsikana ndi amayi ankaona mayi wakuda ngati iwo eni akutsegula buku n'kuwerenga, ndi mwana wake wamkazi ataima kutsogolo kwa kalasi.

Kuwerenga ndi chikhulupiriro

Chiphunzitso cha Adventist chimadalira kwambiri kuti munthu adzionere yekha zimene zalembedwa. Wofuna kutsimikiza za tsiku la Sabata amauzidwa kutsegula Eksodo chaputala 20. Vuto linali lakuti m'zaka za banja la a Branch Baibulo lathunthu logwirizanitsa Chinyanja cha madera onse kunalibe. Kunali mabuku ena a m'Baibulo omasuliridwa ndi amishonale a ku Scotland ndi a Anglican. Ntchito yomasulira Baibulo limodzi inayamba mu 1900 motsogoleredwa ndi W. H. Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Mabuku a mpingo wa Adventist anali m'Chingerezi.

Chifukwa cha zimenezi, sukulu ya Mabel inali mtima wa mishoni, ndipo aphunzitsi a kuno amene ankadziwa zilankhulo ziwiri anali ofunika kwambiri. Mmodzi mwa iwo anali Morrison Malinki, amene poyamba anagwirapo ntchito ndi Booth, ndipo mwana wake James Malinki anadzakhala m'busa ndi mmishonale wodziwika. Kusunga Sabata kunalinso ndi mtengo wake: pa maesiteti Loweruka linali tsiku la ntchito, choncho munthu wolowa mpingowu ankaika pachiswe ntchito yake ndi malo ake okhala. Zinthu zinkayenda pang'onopang'ono, ndipo panapita zaka pafupifupi zinayi kuti pakhale gulu lokwanira kutchedwa mpingo. Pa 14 Julayi 1906 Thomas Branch anakhazikitsa mpingo woyamba wa Seventh-day Adventist m'dziko muno.

Kukayikiridwa

Mantha amene anaonekera pa Chinde sanathe. Azungu ambiri a maesiteti ankaopa gulu la mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda okha, limene linafala ku South Africa ndipo linkatchulidwa ndi dzina la Ethiopia. Ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, John Chilembwe anali atatsegula Providence Industrial Mission mu 1900, ndipo ankathandizidwa ndi anthu akuda awiri a ku America, Landon Cheek ndi Emma Delaney. Popeza a Branch anabwera ndi Booth, amene boma silinkamukhulupirira, nawonso ankaikidwa m'gulu lomwelo, ngakhale kuti Thomas Branch sankalowerera ndale. Kuukira kwa Chilembwe kunachitika mu Januwale 1915, patapita zaka zoposa zisanu ndi ziwiri banjali litachoka.

Kuchoka ndi zaka zomaliza

Mu 1907 kunafika mmishonale wachizungu Joel C. Rogers kudzatsogolera mishoni. Iye ndi amene anasintha dzina la Plainfield kukhala Malamulo, kutanthauza Malamulo Khumi a Mulungu. Banja la a Branch linapita ku South Africa kukafuna nyengo yabwino ku thanzi lawo ndi sukulu ya ana awo aamuna. Paul ndi Robert anafika ku Thyolo ali ndi zaka 11 ndi 6, ndipo anakula kopanda sukulu yoti apitirize maphunziro apamwamba. Ku South Africa anapeza kuti anyamatawa sangalandiridwe m'sukulu za mpingo wawo womwe, chifukwa zinali za ana a azungu. Makolo amene anatha zaka zisanu akuphunzitsa ana a eni anasowa kophunzitsira ana awo.

Mu 1908 anabwerera ku America ndipo anayambiranso ntchito pakati pa anthu akuda ku Denver. Mu 1911 Thomas anaitanidwa ku Philadelphia, kumene anatsogolera mpingo wa anthu akuda umene pambuyo pake unatchedwa Ebenezer. Henrietta anamwalira ku Philadelphia pa 4 Epulo 1913 ali ndi zaka 55. Mwamuna wake anamwalira ku Los Angeles pa 6 Novembala 1924.

Zimene anasiya

Pa malo amene banjali linkakhala lero pali chipatala cha Malamulo, koleji yophunzitsa anamwino ndi ena ogwira ntchito zachipatala, sukulu ya sekondale ndi nyumba yosindikiza mabuku a mpingo. Ambiri mwa odwala amene amafika kumeneko ndi ogwira ntchito m'minda ya tiyi ndi mabanja awo. Mpingo wa Seventh-day Adventist ndi umodzi mwa mipingo ikuluikulu ya m'Malawi, ndipo amayi ake a Dorika amadziwika ndi ntchito yozonda odwala ndi kuthandiza osowa. Mabuku a mbiri ya mpingowu amatchula kawirikawiri Booth, Thomas Branch ndi Rogers akamakamba za chiyambi cha Malamulo. Henrietta ndi Mabel amatchulidwa mwachidule, ngakhale kuti kusamalira odwala ndi kuphunzitsa kuwerenga, zimene Malamulo akudziwika nazo mpaka pano, zinali ntchito za awiriwa m'zaka zoyambirira.