Al Smith: Mkatolika Amene Anamenyera Ufulu wa Anthu Ogwira Ntchito

Lero tikukumbukira a Alfred Emanuel Smith, amene anabadwa pa 30 Disembala 1873 m'dera la anthu osauka mumzinda wa New York ku America. Bambo awo atamwalira, iwo analekeza sukulu panjira ndipo anagwirapo ntchito pamsika wa nsomba wa Fulton kuti athandize mayi awo.

M'chaka cha 1903 anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha New York. Pa 25 Malichi 1911 moto unabuka pafakitale yosoka zovala ya Triangle ndi kupha anthu 146, ambiri mwa iwo atsikana, chifukwa zitseko zina zinali zokhoma. A Smith anakhala wachiwiri kwa wapampando wa komiti yofufuza mafakitale, ndipo ntchito yawo inabala malamulo oteteza miyoyo ya antchito.

Mu 1917 anasankhidwa kutsogolera khonsolo ya mzinda wa New York, kenako anapambana kanayi pa mpando wa bwanamkubwa wa chigawocho. Mu 1928 anakhala Mkatolika woyamba kuimira chipani chachikulu pa chisankho cha pulezidenti. Adani anafalitsa bodza loti Papa ndiye adzalamulire dzikolo, koma iwo sanabise chikhulupiriro chawo. Anagonja kwa a Herbert Hoover.

Anamwalira pa 4 Okutobala 1944. Kwa ife akhristu, moyo wawo ukutikumbutsa kuti mpando ndi udindo woteteza anthu opanda mawu.