Edsger Dijkstra, Munthu Amene Anaphunzitsa Makina Kudikirana

Anzanga, chaka chino ine ndinayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta m'chinenero chotchedwa C. Tsiku lina ndinagawa ntchito yowerengera pawiri, kuti zigawo ziwiri, zimene amazitcha ma-thread, ziziyenda nthawi imodzi, ndipo chilichonse chiwonjeze 1 pa nambala imodzi kokwanira 100,000. Ndinayembekeza kuona 200,000, koma yankho linaperewera, ndipo ndikayesanso linkasintha. Aphunzitsi athu anandiuza kuti vuto limeneli nlakale, nandituma kukafufuza za munthu amene analimbana nalo. Tsono ndifuna kukuuzani mbiri yake.

Dzina lake ndi Edsger Wybe Dijkstra. Anabadwa pa 11 May 1930 mumzinda wa Rotterdam m'dziko la Netherlands. Atate ake anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo amayi ake anali katswiri wa masamu. Anaphunzira ku Leiden, ndipo mu 1952 analowa ntchito yolemba mapulogalamu ku Amsterdam. Ntchitoyi inali yachilendo kotero kuti pamene anakwatira mu 1957, aboma anakana kuilemba m'kaundula wa ukwati, pakuti sanaidziwe.

Mu 1962 anakhala mphunzitsi wamkulu wa masamu ku Eindhoven, ndipo kumeneko ndiko anaganizira za vuto lathuli. Tiyese kuti makalaliki awiri akugula mtedza kuno ku Chitedze, koma buku lolembamo matumba ndi limodzi. Woyamba awerenga 50, asanalembe, wachiwiri nayenso awerenga 50. Aliyense awonjeza thumba lake nalemba 51. Matumba alipo 52, koma limodzi latayika m'buku, ngakhale palibe wakuba. M'kompyuta zilinso chimodzimodzi, pakuti kuwonjeza 1 ndi ntchito zitatu: kuwerenga, kuwonjeza ndi kulemba.

Mnzake wina, Theodorus Dekker, anapeza njira yoti zigawo ziwiri zizipatsana mpata, ndipo mu 1965 Dijkstra anasindikiza njira yothandiza ngakhale zitakhala zambiri. Anapanganso chinthu chimene anachitcha semaphore, potengera chizindikiro cha panjanji. Taganizani za njanji yochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji: poti ndi imodzi, sitima iyenera kuima kufikira italoledwa kulowa. Chomwechonso chigawo chofuna nambala ija chipempha chilolezo, ndipo chikatha ntchito chichibweza kuti chinzake chilowe.

Anachenjezanso za ngozi ina. Pali fanizo lochokera kwa iye la anthu anzeru asanu okhala pagome limodzi ndi mafoloko asanu, pamene aliyense afuna awiri kuti adye. Onse akagwira foloko ya kumanzere nthawi imodzi, aliyense adikira mnzake, nakhala ndi njala mpaka kalekale. Mankhwala ake ena ndi akuti onse azitsata dongosolo limodzi potenga zinthu.

Chinenero cha C chinadza pambuyo, mu 1972, ndi Dennis Ritchie, koma loko wotchedwa mutex amene timagwiritsa ntchito mu C atsata maganizo omwewa. Ine nditaika lokoyo, kutseka ndisanakhudze nambala ndi kutsegula nditatha, yankho linakwana 200,000 nthawi zonse. Dziwani kuti wowerenga nayenso ayenera kutseka, osati wolemba yekha ayi.

Dijkstra analandira mphoto yaikulu ya Turing mu 1972, ndipo mu 1984 anapita kukaphunzitsa ku Austin, Texas. Ngakhale anali katswiri wa makompyuta, anakonda kulemba ndi dzanja, nasiya zolemba zoposa 1,300. Anamwalira ndi khansa pa 6 August 2002 ku Nuenen, m'dziko la kwawo.

Chimene chandigwira mtima ndi chiphunzitso chake chakuti kuyesa pulogalamu kungaonetse kuti cholakwa chilipo, koma sikungatsimikize kuti palibe. Pulogalamu yanga ija ikadakhoza mwamwayi tsiku loyamba, ine ndikadanyada nayo ili yolakwa. Tsono anzanga, musanakhulupirire makina, yambani mwakhala pansi ndi pensulo, ndi kudzifunsa kuti ndani winanso akukhudza nambala yanuyo.

Wophunzira wa Fomu 3