PIERRE BUDIN, SING'ANGA WA MAKANDA OFOOKA (1846–1907)

Pakati pa anthu amene Mulungu anawautsa kuti atumikire ang'ono koposa onse, tiyenera kukumbukila Pierre Budin, sing'anga wa ku France. Iye anabadwa m'caka ca 1846 m'kamudzi ka Énencourt-le-Sec, naphunzira za mankhwala mu mzinda wa Paris, pansi pa Stéphane Tarnier, sing'anga womveka pa nchito ya uzamba.

M'masiku amenewo khanda lobadwa miyezi yace isanakwane linali ngati lotayika kale. Azamba ndi asing'anga omwe anasamala moyo wa amace, koma kamwanako anakafunditsa nsaru nayembekeza kuti katsirizike. Ambiri anayesa kuti khanda lotere limafa cifukwa ca kufooka kwa cibadwidwe, ndi kuti palibe munthu angathe kucitapo kanthu.

Tarnier anaona ku malo osungira nyama ku Paris bokosi lofunditsa mazira a nkhuku, napempha kuti ampangire lina lotere la makanda. Munali ca m'ma 1880. Bokosilo linatenthedwa ndi madzi amoto oikidwa pansi, ndipo khanda linagona pamwamba m'mpweya wofunda. Budin analandira nzeru imeneyi, koma sanakhutire ndi bokosi lokha. Iye anafuna kudziwa ceni ceni cimene cimapha ana otere.

M'caka ca 1895 anapatsidwa kuyang'anira nyumba ya makanda ofooka pa cipatala ca amai cochedwa Maternité, ndipo m'caka ca 1898 analowa m'malo mwa Tarnier amene anali atamwalira. Nchito yace inali ya cipiriro. Anayeza kutentha kwa thupi la khanda liri lonse pofika nalo, analiika pa sikelo tsiku ndi tsiku, ndiponso lisanayamwe ndi litayamwa, kuti adziwe mkaka umene lamwa. Zonsezi anazilemba m'mabuku. Powerenga zolembedwazo anapeza kuti makanda ofika atazizidwa thupi anafa ocuruka, koma ofika ali ofunda ambiri anakhala ndi moyo, ngakhale kulemera kwao kunali kofanana.

Cotero anaphunzitsa kuti adani a khanda losakwana masiku ali atatu: kuzizira, kusowa cakudya coyenera, ndi nthenda zopatsirana. Polimbana ndi kuzizira, analamula kuti khanda lifunditsidwe kuyambira pa ora la kubadwa kwace. Pa za cakudya, anaika mkaka wa m'mawere patsogolo pa zonse. Ndipo khanda lopanda mphamvu ya kuyamwa analikamira mkaka, nalimwetsa pang'ono pang'ono ndi kasupuni, kapena ndi kapaipi kofewa kofika m'mimba. Pa za nthenda, anapatula odwala kwa amoyo, naumiriza anamwino kusamba m'manja ndi kusunga ziwiya zoyera.

Koma cina cimene anaciona cinaposa izi zonse. Anazindikira kuti amai amene analekanitsidwa ndi makanda ao kwa masabata ambiri, mawere ao anauma, ndipo ena mtima wao unazirala pa mwanayo, kotero kuti khanda lopulumuka m'cipatala linakafera kunyumba. Cifukwa cace anakonda mabokosi a galasi, kuti mai aone mwana wace, ndipo analimbikitsa amai kukhala pafupi ndi kuyamwitsa okha. Kale m'caka ca 1892, pa cipatala ca Charité, anali atayamba mwambo wakuti amai abwere ndi ana ao kawiri kawiri kudzawayeza pa sikelo ndi kulandira malangizo. Mwambo umenewu unafalikira m'maiko ambiri, ndipo amai a kwathu amene amapita ndi ana ku sikelo akuyenda m'njira yomweyo.

Maphunziro ace anasonkhanitsidwa m'buku lochedwa Le Nourrisson, limene linaturuka m'caka ca 1900, nilimasuliridwa m'Cingerezi m'caka ca 1907. M'mwezi wa January wa caka comweco Budin anamwalira ku Marseille, ali ndi zaka 60.

Nchito yace sinafe naye pamodzi. M'caka ca 1978, asing'anga a ku Bogotá m'dziko la Colombia, posowa mabokosi okwanira, anayamba kumangirira khanda pa cifuwa ca amace, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Kufufuza kwa m'zaka zotsatira kunatsimikiza kuti njira imeneyi imapulumutsa makanda ambiri, pakuti imapatsa pamodzi zimene Budin anazifuna: kufunda, mkaka wa m'mawere, ndi mai wosacoka.

Abale okondedwa, m'midzi mwathu mumabadwa makanda otere caka ndi caka, ndipo nthawi zina akuru amanong'onezana kuti uyu ndi mlendo wosakhalitsa. Moyo wa Budin utsutsa mau amenewo. Khanda likabadwa masiku osakwana, lipukuteni msanga, musathamangire kulisambitsa. Liikeni pa cifuwa ca amace, mulibveke kacisoti, muwafunditse onse awiri, ndipo mupite nao ku cipatala tsiku lomwelo. Amai a mu mpingo atunge madzi ndi kuphikira nyumba imeneyo, kuti mai asacoke pa mwana wace. Ambuye amene analandira tiana m'manja mwace sanayambe wafunsa kulemera kwao. Nafenso tisataye mtima pa kamwana kamene Iye wakapatsa mpweya.